Mbale Yovundikira Pawindo

A Ketilina Miti ndinawapeza ali kale pa sukulu ya nazale ya a Madamu Jere ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Ine ndinali nditangotuluka ku koleji, satifiketi ili m'pulasitiki, mutu uli m'mwamba. Ntchito yawo inali kuphika phala, kusesa ndi kuchapa timakabudula ta ana amene adzinyowetsa. Yanga inali kuphunzitsa. Ndineneretu, sindinawakonde. Ndikamaimbitsa ana nyimbo ya zilembo, iwo ankaima pakhomo ndi tsache n'kumandiyang'ana ngati ndathira mchere wambiri mu ndiwo. Osanena kanthu. Bola akanamanena, ndikanawayankha.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono tikamatsuka mbale. Anabadwira ku Chiparamba, wachisanu ndi chitatu pa ana asanu ndi anayi. Sukulu anailekera Giredi 4, chaka chimene bambo awo anakulitsa munda wa thonje n'kupeza kuti manja otola achepa. Anakwatiwa ndi a Paison, okonza njinga, amene anawabweretsa m'tauni. Patapita zaka khumi chifuwa chinawatenga amunawo, n'kuwasiyira ana atatu. Anagwirapo ntchito m'nyumba za eni mashopu, anagulitsapo mtedza wokazinga pa siteshoni ya basi, mpaka a Madamu, amene ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi, anawaitana. Pamene ine ndinkafika anali atakhalapo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ana oyamba amene anawapukuta mamina anali ku sekondale. Aliyense, ngakhale a Madamu, ankawatcha Anti Keti.

Ana tinali nawo makumi awiri ndi atatu, a zaka zitatu mpaka zisanu. Kuwaimika pa mzere ana oterewa kuli ngati kusonkhanitsa achule m'lichero. Tsono ine ndinabwera ndi nzeru yanga ya switi. Woyamba kuima pa mzere, switi. Woyamba kumaliza phala, switi. Woyamba kuvala nsapato, switi. Zinayenda, sindinama. Makolo anakondwa, pakuti kuno kholo likabwera kudzatenga mwana wa zaka zitatu silifunsa ngati wasewera bwino, limafunsa kuti wakhala nambala chani. A Ketilina anangondiuza kamodzi kuti, "A Tichala, switi imodzi, pakamwa makumi awiri." Ndinawayankha kuti aone za mphika wawo.

M'mwezi wa Sepitembala munabwera Mthunzi, kamnyamata ka zaka zinayi, kowonda, kamaso akuthwa. Sabata yoyamba anawina switi zonse. Sankawina chifukwa cha liwiro ayi, koma zigongono. Belu likalira ankakankha aliyense amene ali patsogolo pake, ndipo mnzake akagwa ankamulumpha osacheuka. Ndinamuika pa kona, nkhope kukhoma, monga anatiphunzitsira. Anakhala phee, koma belu la phala litalira anachoka pakonapo ngati wagendedwa, n'kukaluma Sipho paphewa chifukwa chomutsogolera.

Pamenepo ndi pamene nkhani inakula, chifukwa a Madamu anali ndi lamulo lawo, lolembedwa pa chitseko cha ofesi: mwana akaluma katatu, wachotsedwa. Kachiwiri sikanachedwe. Pa Okutobala 2 analuma Juliet pa mkono, pa mzere wa phala womwewo, mpaka mano onse anadinda. Bambo ake a Juliet, a Lovemore Sakala, amene amakonzera a mathiraki mapepala pa boda ku Mwami, anafika ndi galimoto fumbi lili kobo. Anajambula mkonowo pa foni n'kutumiza ku gulu la makolo, chithunzi cha Mthunzi pambali. Pofika madzulo Kapata yense anali atamudziwa mwanayo. A Madamu analonjeza pamaso pawo kuti akangoyerekeza kachitatu, ngakhale pang'ono, tsiku lomwelo apita.

Amayi ake a Mthunzi, a Anna, anabwera mawa lake m'mawa n'kugwada pa geti, fumbi lonse lija. Iwo amaoda zitenje ndi nsomba zouma kutsidya kwa boda, amanyamuka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa. Anati nazale ziwiri zapafupi zamukana kale mwanayo chifukwa cha chithunzi chija. Akachotsedwa pano, chotsala n'kumutenga azikakhala naye pa msewu wa ku Mwami pakati pa matayala a mathiraki, kapena kukamusiya kumudzi kwa achibale a bambo ake, kumene angamamuone kawiri pa chaka. Ine mumtima ndinati ndi zawo zimenezo, anayenera kumulera bwino. Ndinali nditatopa naye, ndipo ndinkafuna achoke.

A Ketilina anawadzutsa a Annawo, nawasasa fumbi m'mawondo, n'kuwafunsa funso limene ine ndinaliona lopanda mutu.

"Kunyumba amadya bwanji?"

"Amadya, Anti. Sitigona ndi njala."

"Sindikunena zimenezo. Mbale zimakhala zingati?"

A Anna anayang'ana pansi. Anati amakhala kwa achimwene awo ku Mchini, ana alipo asanu ndi awiri, ndipo onse amadyera mbale imodzi ya ndiwo. Mthunzi ndiye wamng'ono pa onsewo.

Masana tikutsuka mbale, a Ketilina anandifunsa ngati ndinayamba ndamuyang'anapo mwanayo akamadya. Ndinati ndili ndi ana makumi awiri ndi atatu, sindingamawerenge masipuni a aliyense. Iwo anati, "Amazinga mbale ndi mkono. Maso sakhala pa phala, amakhala pa manja a anzake. Sauzira, amameza lotentha. Ine ndinakula choncho, a Tichala. Wachisanu ndi chitatu ukachedwa kusamba m'manja, umapeza msuzi wokha. Mwanayu sakulimbira switi zanuzo. Akudziwa kuti womaliza sadya."

Kenako anafotokoza zimene ankafuna. Kwawo ku Chiparamba, abambo akachedwa kumunda, chakudya chawo ankachivundikira ndi mbale inzake n'kuchiika pamwamba. Ana njala iwapweteke bwanji, mbale imeneyo saigwira, ndipo mwini wake sathamangira kunyumba chifukwa akudziwa kuti aipeza. Tsono iwo ankafuna phala la Mthunzi aziliomola loyamba, iye akuona, lodzaza bwino, alivundikire, aliike pawindo. Iye azidya pomaliza, anzake onse atalandira. Ndipo switi zanga zithe.

Magazi anandikwera. Ndinati, "Ndiye kuti mphoto ya kuluma ndi mbale ya abambo? Mawa onse ayamba kulumana kuti nawonso alemekezedwe. Inu Anti, zimenezi munaziwerenga m'buku liti?"

"Ine mabuku anandithawa ndili mwana," anatero, akupukuta mphika. "Kona yanu mwaiyesa milungu itatu. Ndipatseni iwiri."

Ndinavomera, osati chifukwa chokhulupirira. Ndinati zikalephereka aliyense adzaona kuti wolakwa si ine. Switi ndinazibisa m'chikwama, ndipo ana anandifunsa masiku atatu okha n'kuiwala, zimene zinandipweteka pang'ono.

Tsiku loyamba, Lolemba, belu litalira ine ndinatulutsa ana kukasamba m'manja pa mpopi. A Ketilina anatsala m'kati ndi Mthunzi. Ndili panjapo ndinamva kukuwa kwake, kukuwa kwa mwana amene akuona anzake akupita iye atagwiridwa. Kenako kunati zii. Nditalowa ndinawapeza atakhala pa mphasa, mwanayo ali pamiyendo pawo, atamukumbatira chakumbuyo, onse awiri akuyang'ana pawindo. Thukuta linali chuchuchu pankhope pawo, koma mawu anali apansipansi. "Iyo, ukuiona? Ndi yako. Palibe aigwira. Sipho akalandira, yako ilipo. Juliet akalandira, yako ilipo." Anatchula ana onse mmodzimmodzi mpaka mzere unatha. Atamumasula anathamangira pawindo, n'kuvundukula, n'kupeza phala lili momwemo. Anadya ataimirira, mkono atazinga mbale.

Lachiwiri a Ketilina anabwera atavala juzi ya manja aatali. Okutobala wa ku Chipata mumamudziwa, malata amalira ndi kutentha, ndipo munthu akuima pa mbaula ndi juzi. Ndinawaseka. Ndinati kodi mwayamba kumva chisanu cha ukalamba? Anati malungo akuwanyemerera. Ndinawauza kuti akayezetse, n'kuzisiya pomwepo.

Masiku otsatira anayenda mwa apo ndi apo. Lachitatu Mthunzi analira koma sanamenye. Lachinayi anakankha Chimwemwe chifukwa chodutsa pafupi ndi windo, ndipo a Ketilina anamugwira dzanja, namuuza kuti manja sakankha, n'kumutuma kuti akamudzutse. Anakamudzutsa, nkhope atakwinya. Pofika Lachisanu ankakhala yekha pa mphasa, maso pa mbale yake, miyendo ikugwedera. Sabata yachiwiri a Ketilina anamupatsa ntchito yogawira anzake masipuni pamene akudikira. Ankaponya m'malo mopereka, koma ankagawa. Tsiku lina ndinamuona akuuzira phala asanameze. Sindinanene kanthu kwa a Ketilina, pakuti kuvomera kuti wagonja si chinthu chimene ndinabadwa nacho.

Juzi ija sinavulidwe. Lachinayi la sabata yachiwiri ndinaona kuti mphika akuunyamula ndi dzanja limodzi, mbali ina atautsamiritsa pa chiuno. Tikutsuka mbale ndinawagwira mkono wamanzere kuti ndiwasunthe, ndipo anakuwa, munthu amene sindinamumvepo akukuwa. Ndinakwinyira juziyo m'mwamba ndisanapemphe. Mkono unali utatupa kuyambira pa chigongono kutsika, wonyezimira, wotentha, ndipo pakati panali timabowo ta mano tozungulira, tikutuluka mafinya. Anali atamangapo kansanza ka chitenje.

"Lolemba lija?" ndinafunsa.

"Lolemba lija."

"Masiku khumi, Anti. Mukufuna akuduleni mkono chifukwa cha mwana wa eni?"

"Ndinkatsuka ndi madzi a mchere," anatero. "Ndikanapita ku kiliniki akanandifunsa chandiluma, ndipo anesi awiri a kumeneko ana awo ali pano. Mawa lake zikanakhala pa foni."

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinapsera iwo mtima chifukwa chopusa, ndinapsera mwanayo, ndipo ndinadzipsera ndekha chifukwa ndinaseka juzi masiku khumi osafunsa bwino. Anandipempha kuti ndidikire mpaka Lolemba. Ndinakana. Ena angandinene kuti ndine wapakamwa, koma mzera wofiira unali utayamba kukwera kulowera kukhwapa, ndipo zimenezo ndiye ku koleji anatiuza tanthauzo lake, kuti matenda a pachilonda akulowa m'magazi. Ndinapita ku ofesi n'kuwauza a Madamu zonse.

A Madamu si munthu woipa, koma mawu awo amawalemekeza kuposa china chilichonse. Anauona mkonowo, nakhala pansi, n'kunena kuti mawa m'mawa a Ketilina apite ku kiliniki, asaonekere pa nazale asanabayidwe jakisoni. Za mwana anati palibe chokambirana. "Ndinalonjeza pamaso pa makolo. Katatu kakwana. Mawa amayi ake akabwera madzulo alandira kalata."

A Ketilina anati, "Madamu, wolumidwa ndine. Mlandu ndi wanga, ndipo sindinabwere nawo kwa inu."

"Mwabwera nawo ndi mkonowo," anatero a Madamu. "Mawa akaluma mwana wa munthu m'diso, ndidzati chiyani? Kuti ndinkadziwa?"

Potuluka a Ketilina sanandiyang'ane. Anangoti, "Mbale yake ndi ya buluu ija, yovundikirira ndi yachitsulo. Muomole akuona." Anatenga chikwama chawo n'kumapita.

Lachisanu phala ndinaphika ndine, ndipo linachita mibulu, nsinjiro zitaundana pamodzi. Nthawi ya teni ndinaomola la Mthunzi iye akuona, ndinavundikira, ndinaika pawindo. Ndinkadziwa kuti ndi komaliza, iye sankadziwa. Anagawa masipuni, anakhala pa mphasa, anzake onse analandira. Nditamuuza kuti akatenge mbale yake, sanadzuke.

"Anti Keti ali kuti?" anafunsa.

"Apita ku kiliniki. Kadye."

"Phala lawo lili kuti?"

Ndinayang'ana mumphika. Ndinali nditakokota zonse, chifukwa muyeso wa a Ketilina sindinkaudziwa, komanso sindinaganizepo n'komwe kuti iwo amadya chiyani. Ndinati latha, akadya kwawo. Mthunzi anapita pawindo, anavundukula, anayang'ana phalalo nthawi yaitali, n'kuvundikiranso. Kenako anakoka kampando n'kukhala pansi pa windopo, nsana kukhoma.

"Ndi ya Anti," anatero.

Ndinamunyengerera, ndinamuopseza, ndinatulutsa ngakhale switi ija m'chikwama. Anaiyang'ana, anameza malovu, koma sanasunthe. Anzake anatuluka kukasewera, iye ali pomwepo. Sipho atayandikira kuti aone, Mthunzi anadzuka mano ali pamtunda. Koma manja anawaika kumbuyo, n'kukuwa kuti, "Choka, ndi ya Anti." Sipho anachoka. Nthawi yogona masana anakana mphasa, anawodzera pakampando pomwepo, mutu ukugunda khoma, akadzidzimuka n'kuyang'ana m'mwamba ngati mbale ilipo.

Cha m'ma wani a Madamu analowa, envulopu ili m'manja, kuti andisiyire ndidzapatse a Anna. Anafunsa chimene mwanayo wakhalira pamenepo, ngati ndamulanga. Ndinawauza. Ndinawauzanso zina zimene sanafunse: kuti mzere wolimbirana ndinauyambitsa ndine ndi switi zanga, kuti kuluma konse kutatu kunachitika pa nthawi ya phala, ndipo kuti chiyambire Lolemba lija sanalumenso munthu. Mawu ankatuluka mokalipa, chifukwa ine ndikachita manyazi ndimakalipa. A Madamu anapita pawindo, natambasula dzanja kuti avundukule mbale aone. Mthunzi anawagwira siketi.

"Musagwire," anatero. "Ndi ya Anti Keti. Sanadye."

A Madamu anabweza dzanja. Anakhala pa kampando ka ana, mawondo ali m'mwamba, envulopu ili pamiyendo, ndipo sanabwerere ku ofesi.

A Ketilina anafika itadutsa thu koloko, atakwera njinga ya hayala, mkono uli mu bandeji, juzi ili m'chikwama. Anati abayidwa jakisoni, apatsidwa mapilisi a masiku asanu ndi awiri, ndipo anesi awakalipira mokwanira moti wina asawonjezere. Anabwera, ndikuganiza, kudzatsanzikana ndi mwanayo. Mthunzi anakwera pakampando, anatsitsa mbale ndi manja awiri, n'kuyenda nayo pang'onopang'ono mpaka pamene anaima.

"Ndakusungirani," anatero.

Phalalo linali litazizira n'kuuma pamwamba, mibulu yanga ili poyera. A Ketilina anakhala pa mphasa, anavundukula, n'kufunsa ngati iye wadya. Anapukusa mutu. Anandituma masipuni awiri. Anadya onse awiri mbale imodzi, mosinthana, ndipo mwanayo ankadikira sipuni ya a Ketilina ituluke kuti yake ilowe. Ine ndinatuluka kukaima pa mpopi, chifukwa sindinafune kuti ana andione ndikulira.

Madzulo a Anna atabwera, chikwama cha zitenje chili pamutu, a Madamu anawachingamira okha pa geti. Envulopu ija sindinaionenso. Ndinangomva akuti, "Lolemba afike seveni koloko. Ndipo mumugulire kambale kake ka ndiwo kunyumba, ngakhale ka pulasitiki." A Lovemore atamva kuti mwanayo akadalipo ndipo analumanso, anamuchotsa Juliet sabata yotsatira, n'kulemba zambiri pa gulu la makolo. Mabanja ena awiri anawatsatira. A Madamu anakhala mwezi wathunthu osandimwetulira, ndipo lamulo lija likadali pa chitseko.

Mthunzi sanasanduke mngelo. Anamenyanapo ndi Sipho chifukwa cha tayala, ndipo pa mpikisano wothamanga wa kutsekera sukulu analira mpaka kugubuduka atakhala wachitatu. Koma sanalumenso, ndipo anamaliza nafe mpaka kupita Giredi 1. A Ketilina akadali pa nazalepo, ndipo akadaima pakhomo ndi tsache ndikamaimbitsa zilembo. Chipsera chili pa mkono, chozungulira, mano asanu ndi atatu owerengeka bwino. Chaka chilichonse ana atsopano amachigwira n'kufunsa chinawaluma n'chiyani. Iwo amati, "Munthu wanjala," n'kupitiriza kuomola phala.